Galimoto ya Abednego Imagona

Unit K, Seke
6 Ogasiti 2023

Mdzukulu wanga Clayton,

Moni wambiri. Uli bwanji ku Joniko? Kuno tilipo, kupatula bondo lakumanzere lija, limene likulosera mvula pakati pa chilimwe. Mafuta opaka adatha. Ukamamupatsa Mackson wa basi yankho la kalata ino, uikemo botolo lina, lalikulu, osati kaja kangati mankhwala a m'maso.

Usandifunsenso chifukwa chake sindiimba foni. Foni ndi ya Natsai, ndipo mlongo wakoyo ndikamayankhula amaima pakhomo ngati wapolisi. Komanso pafoni umandiyankha m'Chishona. Papepala umachita manyazi, umalemba chilankhulo cha agogo ako.

Tsono khala pansi. Lachitatu kunabwera Abednego. Inde, yemwe uja, mng'ono wawo wa malemu agogo ako aamuna. Zaka zisanu ndi chimodzi osaponda pakhomo pano, galu mpaka anamuuwa, ine osamuletsa.

Pa maliro paja iwe unali kale ku Joni, unangomva zodukaduka. Lero umve zonse. Munthu ameneyu adafika m'nyumba mwanga ku komboni ya mgodi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mayi ake atamwalira, mphere thupi lonse. Womusambitsa ndinali ine. Akamalira mayi ake ndinkamusisita pamsana nkumati, "Gona, Abedi, gona." Sukulu tidamuphunzitsa ndi thukuta la agogo ako a Stephano. Atapeza ntchito ya muofesi ku Harare, adapita kukasintha dzina. Phiri adasanduka Gomo. Akuti ndi chimodzimodzi, phiri ndi gomo. Atakwatira Chengetai, adauza akuchikazi kuti kwawo ndi ku Mutoko, ndipo kuti mkulu wake adangophunzira chilankhulo chachilendo kwa mkazi wake, mubhurandaya, dzina lotinyozera ife obwera. Mubhurandayayo ndine. Agogo ako anali ofatsa ngati nkhosa, ankangoti, "Msiye, mwana akufuna kudya."

Kumanda ndikulira mwamuna wanga, ndikumutchula mayina ake onse, Abednego adatembenukira kwa mlamu wake Kumbirai nkufunsa mokweza kuti, "Vari kuti chii?" Ati ndikuti chiyani. Mwana amene ndidamupukuta mamina! Chaka chitatha adaika mwala pamanda, iye wolipira, iye wosankha mawu. Ukapita lero ukawerenga kuti STEPHANO GOMO. Mwamuna wanga wagona pansi pa dzina limene sadaitanidwepo nalo. Ndidalumbira pamwala pomwepo kuti sindifa ndisanamve kamwa la Abednego likuyankhula Chichewa anthu akumva.

Ndiye Lachitatulo anakhala pampando wa agogo ako, suti yake ikununkhira sitolo. Iye Chishona, ine Chichewa, Natsai pakati akumasulira, mutu uku ndi uku ngati nkhuku yomwa madzi. Nkhani yake ndi galimoto. Wapuma ntchito, amupatsa penshoni, ndiye akufuna kuti anthu amuone. Kumbirai akumugulitsa chigalimoto chakuda, chachitali ngati bokosi la maliro a munthu wolemera. Akuti mipando yake ndi yachikopa ndipo imatenthetsa matako, denga ndi lagalasi. Idachokera kutsidya kwa nyanja, idadutsa m'manja mwa anthu awiri. Koma winawake wamunong'oneza kuti mtundu umenewu uli ndi nthenda m'injini, ndiye tulo sakupeza. Kufunsa amakaniko akuno akuopa, onse amamwa ndi Kumbirai. Wakumbuka kuti m'banja muli makaniko. Akuti wakuimbira katatu sukuyankha. Wachita bwino.

Dzina la galimotoyo ndi nambala zake walemba pakapepala aka, ine sindingalitchule, lilime lingandipindike. Uone, undiuze zoona zokhazokha. Yankho ubweze kwa ine, ndikampatsa ndekha.

Za ukwati wa Natsai ndi Tafara zikuyenda, ndi pa 14 Okutobala. Poti bambo wanu adatisiya, woimira bambo ndi Abednego yemweyo. Mulungu ali ndi nthabwala.

Ndine agogo ako,
Tabeth NaBanda


Germiston
19 Ogasiti 2023

Agogo okondedwa,

Kalata yanu ndalandira. Ine ndili bwino, ntchito ikuyenda, kuzizira kokha. Mabotolo ndatumiza awiri. Mukapeza Chishona m'kalata muno mundikhululukire, chimalowa chokha.

Za mwala sindinkadziwa. Ndinkayesa wosema ndiye adalakwitsa. Ndawerenga kawiri, chakudya sichinalowe.

Komabe galimoto ndi galimoto. Mtundu umenewo ndimaudziwa. Pagalaja pathu pali zitatu pano, zonse zinabwera chokokedwa. Kukongola palibe angatsutse, ukakhalamo umayesa uli pabalaza. Vuto lili m'kati mwa injini. Muli tcheni, chonga cha njinga koma chachikulu, chimene chimayendetsa zitsulo zonse kuti zisagundane. Pa mtundu umenewu tchenicho chimatamuka msanga, ndipo timapulasitiki tochigwira timauma nkuthyoka. Chikangodumpha dzino, zitsulo zimamenyana, injini yatha. Kukonza kwake ndi kugula injini ina, ndipo kwanuko simungaipeze. Chizindikiro chake, poiliza imachita phokoso ngati mtedza wouma m'chitini, kanthawi kochepa, kenako nkukhala chete ngati palibe kanthu. Nambala imene alembayo ndi ya zaka zovuta zomwezo.

Ena amagula dala, akuti mwina yawo ikhala ndi mwayi. Zilipo zimene zimatha chaka. Koma munthu wa penshoni asachite juga yotero.

Muwauze chonchi, osachotsapo liwu. Galimoto imeneyi imagona. Imagona pamsewu, imagona dzuwa likuswa mtengo, ndipo ikagona yagona. Asagule.

Sekuru Abednego sindiwakonda, koma ndine makaniko, sindinganamize munthu pa injini. Chonde muwauze msanga asanapereke kalikonse.

Mdzukulu wanu,
Clayton


Unit K, Seke
8 Seputembala 2023

Clayton mwanawe,

Moni. Mabotolo afika, bondo likukuthokoza. Ukadzatumizanso uikemo nsapato zofewa za ukwati, nambala sikisi, zakuda.

Wati ndimuuze osachotsapo liwu. Sindinachotse ngakhale limodzi, Mulungu ndi mboni, ndi anthu ena makumi atatu.

Kalata yako inafika Lachinayi, koma uthenga wabwino sauza munthu ali yekha. Ndinadikira Lamulungu. Titatuluka m'tchalitchi tinapeza Kumbirai waimika chigalimoto chija pageti, akuchipukuta ndi mpango. Madoda a mpingo azungulira, wina akugogoda tayala ndi nsapato, wina akudziyang'ana pagalasi. Chengetai anali atakhala kale kutsogolo, chikwama pamiyendo, akuyesa mpando wotenthetsa uja. Chikomekome cha mkuyu, mwanawe, m'kati muli nyerere.

Ndinafika ndi ndodo yanga nkuti, "Yankho la makaniko wa ku Joni labwera." Anthu anapatuka. Ndinavala magalasi, nkuwerenga mokweza monga amawerengera kalata ya Paulo.

"Galimoto imeneyi imagona."

Kumbirai anawomba m'manja. "Manzwa here, tsano? Hanzi inogona!" Ati mwamva kodi alamu, akuti inogona.

Iwe ukudziwa, kwa anzathuwa kugona si tulo ayi. Kugona ndi kukhoza, kuchita bwino. Mwana akakhoza mayeso amati wagona. Ine sindinamuuze kuti amasulire, anadzipereka yekha.

Ndinati, "Imagona pamsewu."

Iye, "Pamugwagwa inogona!"

"Ikagona yagona."

Madoda onse kuseka, wina mpaka anaimba mluzu. Ndiye ndinafika pa liwu lomaliza. Ndinalitchula pang'onopang'ono, ndikumuyang'ana mwini wake m'maso. "Asagule."

Kumbirai anakwinya nkhope. Liwu limenelo kwawo kulibe. Anafunsa kuti ndati chiyani. Ine ndinati, "Funsani tsano wanuyo."

Clayton, ndikanakhala ndi ng'ombe ndikanapereka kuti uone nkhope imeneyo. Maso onse pa Abednego. Anamva. Anamva zonse, kuyambira pa liwu loyamba. Akanangotsegula pakamwa nkuti, "Anthuni, mayiyu akuti galimotoyi ndi yakufa," penshoni yake ikanapulumuka. Koma akanadziwa bwanji, munthu wa ku Mutoko? Zaka makumi anayi za bodza zinamukhala pakhosi ngati fupa la nsomba. Ndinamufunsa, "Wamva, Abedi?" Diso lake linaphethira kawiri, monga linkachitira akaba shuga.

Anati, "Handinzwi, maiguru." Ati sakumva.

Basi Chengetai nthungululu, Kumbirai dzanja, madoda kumugwira paphewa. Lachitatu wagula. Natsai akuti kunyumba kwake akumanena kuti amakaniko a ku Joni amaopseza anthu dala, ndipo nkhalamba zina ndi zansanje. Adzitonthoze. Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu.

Tsopano walengeza kuti mkwatibwi adzakwera m'menemo, woyendetsa iye mwini. Ndiye undiyankhe ziwiri. Choyamba, ikagona imapha? Imayaka moto, kapena kugubuduzika? Usandibisire, m'menemo mudzakhala mwana wanga. Chachiwiri, nchiyani chimene chimaigonetsa msanga? Ndikufunsa kuti ndidziwe.

Agogo ako,
NaBanda


Germiston
23 Seputembala 2023

Agogo,

Moni. Nsapato zili ndi Mackson. Nkhani yoipa ndi yakuti ku ukwati sindibwera, mapepala anga sanatuluke, ndikatuluka sindilowanso. Natsai ndamuuza, analira.

Zimene munachita pa tchalitchi sindikudziwa ngati ndiseke kapena ndikwiye. Munawauza, inde, koma mukudziwa mmene munawauzira. Ndinamuimbira Natsai kuti akwere ina, akuti sangakane sekuru amene akuimira bambo. Komabe mafunso anu andisangalatsa. Ndikuona kuti mtima wanu wafewa, mukufuna tsikulo lidutse bwino.

Kupha siipha, ngati ikuyenda pang'onopang'ono. Moto siyaka. Imangozima, chiwongolero nkulemera, nkuima.

Zoyenera kupewa ndi izi. Asamaizimitse nkuilizanso pafupipafupi, chifukwa tcheni chimadumpha poliza. Asayende mwakachetechete nthawi yaitali padzuwa, mphepo yozizira ya m'kati ili yoyatsa. Timapulasitiki tija timadana ndi kutentha. Ailize kamodzi, achoke kunyumba, alunjike kutchalitchi njira yachidule. Akatero ndikhulupirira kuti tsikulo ipirira.

Izi muwauze m'chilankhulo chimene akuvomera kuti amamva. Chonde, agogo.

Clayton


Unit K, Seke
16 Okutobala 2023

Mdzukulu wanga,

Moni wa chimwemwe. Mlongo wako ndi mkazi wa mwini tsopano, mphete ili pachala, palibe wavulala. Ndayamba ndi zimenezi kuti mtima ukhale pansi. Nsapato zinandithina koma ndinavina nazo.

Malangizo ako ndinawasunga onse. Kungoti ndinawagwira chakumchira.

Sabata ya ukwati, pa msonkhano wa mabanja awiri, ndinaimirira nkunena kuti kwathu mkwatibwi sapita kutchalitchi asanatsanzike nyumba iliyonse imene idamudyetsapo. Ndinawerenga nyumba zisanu ndi ziwiri, kuyambira ku Unit K mpaka ku Unit G nkubwereranso. Panyumba iliyonse pemphero, ndipo popemphera injini izime, Mulungu sapikisana ndi galimoto. Akwawo kwa Tafara anati mwambo wokongola. Mwambo umenewu, Clayton, ndinaupeka Lolemba ndikuchapa. Woti anditsutse analipo mmodzi yekha m'chipindamo, koma iye ndi wa ku Mutoko. Anangoyang'ana denga.

Loweruka dzuwa linatuluka ngati lalipidwa. Chigalimoto chinafika chitavala maliboni, Abednego magolovesi oyera, Chengetai chipewa chonga lichero. Natsai analowa kumbuyo ndi chidiresi chake, mphepo yozizira anaitsegula yonse kuti zodzoladzola zisasungunuke. Ine anati ndikwere nawo. Ndinati ayi, mubhurandaya angadetse chikopa. Ndinakwera kombi, minibasi ya a Morris, pamodzi ndi amayi a bungwe lathu la maliro, tikutsatira pambuyo. Mpando wakutsogolo ndinauyala nsalu yoyera, osalola munthu kukhalapo. Amayi anafunsa kuti ngwa yani. Ndinati ngwa mlendo.

Nyumba yoyamba, pemphero, kuliza. Ndinatchera khutu. Mtedza m'chitini, monga unanenera. Nyumba yachitatu, mtedza unasanduka miyala. Ndinapempha amayi a Emily kuti apemphere, paja iwo akayamba amadutsa ku Genesis. Nyumba yachisanu Abednego anafuna kuisiya injini ikulira. Ndinangoloza kumwamba ndi ndodo, abusa a mbali ya Tafara nkumuuza kuti azimitse. Thukuta linali litadutsa magolovesi. Panyumba yachisanu ndi chiwiri injini inalira atayesa kachitatu, anthu a m'misewu akuimba nthungululu, iye akumwetulira ngati munthu wopondedwa chala.

Tinalowa mu Seke Road. Ndinayamba kudandaula mumtima kuti mwina iyi ndi ija ya mwayi. Koma titafika pamene amayi amagulitsa tomato, pamene makombi amaimira, chinthu chija chinatsokomola kamodzi, khooo, ngati nkhalamba yotsamwa. Chinayenda mapazi khumi. Chinaima pakati pa msewu, maliboni akuuluka.

Mahwindi, anyamata oitanira makombi aja, anathamangira. Malipenga a magalimoto kumbuyo. Abednego anatsegula boneti nkumayang'anamo ngati muli wachibale. Kumbirai anali m'galimoto yachitatu, ndinamuona akutsetsereka pampando mpaka chipewa chokha.

Ndinatsika bwinobwino, bondo silifuna changu. Ndinafika pambali pake nkufunsa mwaulemu, "Yagona?"

Clayton! Munthu anatembenuka, maso ofiira.

"Mfiti iwe! Unkadziwa! Nyumba zisanu ndi ziwiri, mapemphero asanu ndi awiri! Mwambo wake uti umenewo? Wabodza iwe! Kwathu kulibe mwambo wotero!"

Chichewa choyera, mwanawe. Cha kukomboni, cha mayi ake, chopanda banga. Wojambula kanema anali pomwepo, makina ali m'maso.

Ine ndinati, "Kwanu kuti, Abedi?"

Chengetai anatulutsa mutu pawindo, chipewa chitapendama. "Baba, munotaura chirudzi ichi?" Ati kodi mumayankhula chilankhulo chimenechi. Amayi a Emily anamuyankha ali m'kombi, "Amayankhula, mayi, amatukwananso bwino!"

Mkwatibwi tinamukweza pa nsalu yoyera ija. Galimoto anaikankhira pambali anyamata. Abednego sakanatsala, woperekeza mkwatibwi kuguwa anali iye, ndipo malo otsala m'kombi anali amodzi, paKadoma, pachitsulo chotentha chija kumbuyo kwa dalaivala, pamene munthu amakhala chopenya anzake. Ankafuna mpando wotenthetsa matako, anaupeza. Ulendo wonse anayang'anizana ndi amayi khumi ndi anayi akuimba nyimbo za kwathu, ndipo pa nyimbo yachiwiri ndinaona milomo yake ikutsatira yokha.

Tinachedwa ndi ola limodzi. Natsai sanandiyang'ane tsiku lonse. Potsanzikana anangoti, "Gogo, magona." Sanaseke. Sindinamufunse kuti akunena m'chilankhulo chiti.

Ukwiye ngati ukufuna kukwiya. Ine ndadya bwino masiku awiri.

Agogo ako


Unit G, Seke
29 Okutobala 2023

Alamu,

Ndikhulupirira muli bwino. Dzanja likuvuta, chilankhulochi sindinachilembe zaka makumi anayi. Mukapeza zolakwika musaseke, mwaseka kale mokwanira.

Mwapambana. Galimoto ili pageti, anaikoka. Makaniko atatu aiona, onse akupukusa mutu. Kumbirai akuti inali bwino, ndaiwononga ndine ndi mapemphero. Mayi a kunyumba akundiyankhula ndi mapoto okha. Kanema uja wafika mpaka ku Mutoko, kumene sindinapondeko chibadwire. Ana a mumsewu akandiona akumafuula kuti, "Kwanu kuti?"

Inu simunakhalepo muofesi muja. Simunamve zimene ankamutchula munthu wa dzina la Phiri, ngakhale wobadwira konkuno. Anzanga ankakwezedwa, ine ndikuwaphunzitsa ntchito. Nditakhala Gomo zitseko zinatseguka. Achimwene ankadziwa, sanandidzudzule. Sindikunena kuti ndinachita bwino. Ndikungonena.

Pa tchalitchi paja ndinamva liwu lililonse. Izi mukudziwa. Chimene simukudziwa nchakuti kumanda kujanso ndinamva liwu lililonse. Munawatchula achimwene dzina limene amayi ankawaitana, ndipo ndikanapanda kutembenukira kwa Kumbirai ndikanalira m'Chichewa.

Penshoni yapita, ulemu wapita, mwana mwamuonongera tsiku lake. Mukufunanso chiyani?

Ndine mlamu wanu,
Abednego


Unit K, Seke
2 Novembala 2023

Abedi,

Moni. Kalata yako ndalandira. Chichewa chako chilibe dzimbiri, unangochikwirira ngati mbatata. Koma pansi walemba Abednego yekha, wasiya mpata. Cholembera chinatha?

Usandiuze za muofesi. Ine ndidagulitsa masamba pamsika wa anthu omwewo zaka makumi atatu, akunditchula zomwe ankakutchula iwe, ndipo ndidabwera kunyumba ndili NaBanda. Dzina lako ndi lako, ukafuna ulisinthenso ukhale Chulu. Koma la mkulu wako sudalipemphe. Udadikira atseke maso.

Za penshoni usandiloze chala. Ndinakuuza pamaso pa mpingo kuti usagule. Mawu ochepa okha akanakupulumutsa, iwe unasankha galimoto yakufa kusiyana ndi mayi ako.

Za Natsai wanena zoona. Sanabwere kudzandiona, ndipo Clayton mabasi awiri adutsa osalemba. Ndikudziwa chimene ndalipira. Ndikakhala ndekha chimandiluma. Koma ukandibwezera ku Lolemba lija ndikuchapa, ndipekanso mwambo womwewo, mwina ndiwonjezere nyumba yachisanu ndi chitatu.

Wafunsa chimene ndikufuna. Loweruka likubwerali, nthawi ya m'mawa dzuwa lisanakwiye, udzandipeze kumanda. Ubwere ndi wosema miyala ndi zitsulo zake. Ubwere ndi Chengetai, ayime pafupi. Zilembo zinayi zichoke, zisanu zilowe. Wosema akamaliza, uwerenge mwalawo mokweza, kenako umuuze mkulu wako zimene unameza tsiku lija. Ukafuna kulira ulire, chilankhulo uli nacho. Kombi ya a Morris imadutsa kwanuko, paKadoma akusungira.

Ndidalumbira kuti sindifa ndisanamve kamwa lako. Ndamva, ngakhale linayamba ndi kunditcha mfiti. Chatsala ndi mwala.

Ukakonza mwalawo, ine ndagona. Umasulire wekha, zilankhulo zonse ziwiri umazimva.

Alamu ako,
Tabeth NaBanda, mkazi wa Stephano Phiri